Filimu ya Salò ndi Ulamuliro wa Chifasisti: Mafunso ndi Mayankho

Anthu ambiri amayamba kumva za Salò pa mndandanda wa mafilimu amene amati ndi onyansa kwambiri kuposa ena onse, ndipo mafunso amene amabwera pambuyo pake amakhala ofanana nthawi zonse. Mayankho ali m'munsiwa akutchula nkhanza zimene zili m'filimuyi komanso mmene imathera.

Kodi Salò ndi filimu yanji, ndipo anaipanga ndani?

Ndi filimu ya ku Italy ya mu 1975, ndipo dzina lake lonse ndi Salò o le 120 giornate di Sodoma, kutanthauza Salò, kapena masiku 120 a Sodomu. Anaipanga ndi Pier Paolo Pasolini, mlakatuli, wolemba mabuku ndi nkhani za m'nyuzipepala komanso wotsogolera mafilimu, amene anabadwira ku Bologna pa 5 March 1922. Nkhani yake anailemba mothandizana ndi Sergio Citti, ndalama anapereka ndi Alberto Grimaldi, ndipo nyimbo anakonza ndi Ennio Morricone. Imatenga pafupifupi maola awiri. Inali filimu yomaliza ya Pasolini, chifukwa anaphedwa pa 2 November 1975, kutatsala masabata atatu kuti ionetsedwe koyamba ku Paris.

Nkhani yake imayenda bwanji?

Amuna anayi amphamvu, amene satchulidwa mayina koma maudindo okha, Duke, Bishopu, Woweruza ndi Pulezidenti, amapangana pangano ndipo amalisindikiza pokwatirana ana aakazi. Kenako amatuma asilikali kukagwira achinyamata m'midzi ndi m'matauni, n'kusankhapo anyamata 9 ndi atsikana 9, ndipo amawatsekera m'nyumba yaikulu yakutali ndi anthu. Kumeneko amawawerengera malamulo: tsiku lililonse onse azisonkhana m'chipinda chachikulu kumvetsera amayi achikulire, amene kale ankagulitsa thupi, akusimba nkhani zolaula kwinaku mayi wina akuimba piyano, aliyense wopemphera aphedwa, aliyense wolakwa alembedwa m'buku la zilango.

Filimuyi inagawidwa panayi potsanzira mmene Dante, mlakatuli wakale wa ku Italy, anagawira Gehena m'ndakatulo yake. Pali khomo lolowera, kenako chigawo cha zilakolako, chigawo cha chimbudzi, ndi chigawo cha magazi. Chigawo chilichonse chimaposa chinzake pa nkhanza, kuyambira kugwiririra ndi kuyendetsa anthu chokwawa ngati agalu, mpaka kuzunza ndi kupha pabwalo.

Dzina lakuti Salò likuchokera kuti?

Salò ndi tauni yaing'ono ya m'mphepete mwa nyanja ya Garda, kumpoto kwa Italy. Benito Mussolini, amene analamulira kuyambira mu 1922, anachotsedwa paudindo pa 25 July 1943 n'kumangidwa, koma asilikali a Germany anakamutulutsa pa 12 September chaka chomwecho ndipo anamuika kukhala mtsogoleri wa boma latsopano la kumpoto, lotchedwa Repubblica Sociale Italiana. Maofesi ena a bomalo, kuphatikizapo ofalitsa nkhani, anali ku Salò, choncho anthu anangolitcha boma la Salò. Linatha mu April 1945, ndipo Mussolini anaomberedwa pa 28 mwezi womwewo.

Pasolini anasankha dala miyezi yomalizayi. Linali boma lodziwa kuti likugwa, lodalira mfuti za Hitler, lopanda tsogolo loti n'kulonjeza anthu, ndipo chimene chinatsala m'manja mwake chinali mphamvu yogwira, kumanga ndi kupha. Chakumayambiriro kwa filimuyi, pamene mnyamata wina akuthawa m'galimoto n'kuomberedwa, pamaoneka chikwangwani cholembedwa kuti Marzabotto. Munthu wa ku Italy safunika kumufotokozera dzinali: kudera limeneli asilikali a SS, gulu lankhondo la chipani cha Hitler, anapha anthu wamba pafupifupi 770, ambiri mwa iwo amayi, ana ndi okalamba, kumapeto kwa September ndi kumayambiriro kwa October 1944.

Kodi chifasisti n'chiyani kwenikweni, ndipo chinafikako ku Africa?

Ndi ulamuliro wa chipani chimodzi ndi mtsogoleri mmodzi wosatsutsika, umene umaika dziko ndi mtundu pamwamba pa munthu, umalemekeza nkhondo, ndipo umagwiritsa ntchito magulu a zigawenga zachipani poopseza otsutsa. Mawuwa anayambira kwa Mussolini.

Ku Africa chinafikadi, ndipo chinafika ndi magazi. Italy inaukira Ethiopia mu October 1935 ndipo inagwiritsa ntchito mpweya wapoizoni. Mu 1937 inakhazikitsa lamulo lomanga Mtaliyana aliyense wokhala ndi munthu wa ku Africa ngati banja, ndipo mu 1938 kunabwera malamulo osala Ayuda. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, pamodzi ndi a Northern Rhodesia Regiment, anamenyana ndi gulu lankhondo la Mussolini ku Somaliland ndi ku Ethiopia mu 1940 ndi 1941. Tsankho limeneli likuonekera m'filimu: mmodzi wa alonda amapezeka akugona ndi mtsikana wantchito wachikuda, ndipo onse awiri amaomberedwa pomwepo.

Buku la Marquis de Sade likulowamo bwanji?

Mafupa a nkhaniyi anachokera m'buku lotchedwa Masiku 120 a Sodomu, limene de Sade, wolemba wa ku France, analemba mu 1785 ali m'ndende ya Bastille ku Paris. Analilemba m'zilembo zing'onozing'ono pa mpukutu wa pepala wotalika pafupifupi mamita 12, ndipo anamwalira akukhulupirira kuti unatayika pamene ndendeyo inagwa mu 1789. Linasindikizidwa koyamba mu 1904. M'bukumo muli kale amuna anayi olemera, nyumba yotsekedwa, amayi osimba nkhani ndi malamulo olembedwa.

Chimene Pasolini anachita ndi kuchotsa nkhaniyi ku France wakale n'kuiika ku Italy wa 1944. Anaona kuti anthu a de Sade sali ngati zilombo zolusa zosadziletsa, koma ali ngati akalaliki a m'ofesi: amawerenga, amalemba, amasunga nthawi, amachita misonkhano. Apa ndi pamene bukulo ndi chifasisti zikukumana. M'filimu Duke amanena kuti afasisti ndiwo okhawo amene alidi opanda lamulo, akangolanda boma. Malamulo amene amawerengedwa pakhonde ndi omanga ogwidwa okha, ndipo amene anawalembawo amawasintha pamene afunira.

Kodi si filimu yolaula chabe imene yavala chovala cha ndale?

Ili ndiye funso lobwera kawirikawiri, ndipo si lopusa, chifukwa m'zaka zomwezo kunatuluka mafilimu ambiri ogwiritsa ntchito mayunifolomu a Nazi pofuna kudzutsa chilakolako. Kusiyana kwake kuli pa mmene kamera imayang'anira. Filimu yolaula imabweretsa woonera pafupi ndi thupi ndipo imamulonjeza chisangalalo. Salò imaika kamera patali, m'zipinda zozizira zoyalidwa mofanana mbali zonse, ndipo matupi amaliseche amaoneka ngati ziweto zoyembekezera kugulitsidwa pamsika. Palibe chithunzi chimene chinakonzedwa kuti chikome m'maso mwa njira imeneyo. Ngakhale amuna anayiwo saoneka okhutira, amangofuna zoonjezera.

Tikayang'ana mafilimu atatu amene Pasolini anapanga Salò isanabwere, mfundoyi imamveka bwino. Il Decameron ya 1971, I racconti di Canterbury ya 1972 ndi Il fiore delle Mille e una notte ya 1974 anali mafilimu okondwerera thupi ndi kugonana ngati chinthu chosalakwa cha anthu wamba. Anagulidwa kwambiri, ndipo amalonda anatulutsa mafilimu otsanzira ambirimbiri ongofuna ndalama. Mu June 1975 Pasolini analemba kalata yowakana mafilimu atatuwo, ponena kuti ufulu wa thupi umene ankautamanda unali utalandidwa kale ndi amalonda. Salò ndi filimu ya munthu amene wakhumudwa ndi ntchito yake yomwe, ndipo anaipanga kuti isathe kudyedwa mokoma ngati zinzake zija.

Kodi zimene zimaoneka zinachitikadi pojambula?

Ayi. Mabala, kudula lilime ndi kuwotcha zonse ndi luso la opanga mafilimu, ndipo chimbudzi chimene anthu amadya chinali chokoleti chosakaniza ndi jamu wa malalanje. Ambiri mwa achinyamatawo sanali akatswiri a zisudzo, pamene Duke anaseweredwa ndi Paolo Bonacelli, katswiri wodziwika wa pasiteji. Ena mwa amene anachita nawo ananena pambuyo pake kuti pamalo ojambulira pankamveka kuseka ndi nthabwala, ndipo kuopsa kwa filimuyi anakuona itamalizidwa. Mu March 1975 gulu la Pasolini linapeza ngakhale mpata wosewera mpira ku Parma ndi gulu la Bernardo Bertolucci, wotsogolera mafilimu mnzake, limene linkajambula filimu ya Novecento chapafupi, ndipo a Pasolini anagonja zigoli 5 kwa 2.

Nanga chigawo cha chimbudzi chija chili ndi tanthauzo lanji?

Apa ndi pamene anthu ambiri amazimitsa filimu, ndipo ndi pamenenso cholinga cha Pasolini chimaonekera poyera. Iye mwini ananena kuti phwando limenelo likunena za zakudya za m'mafakitale, ndiponso za chilichonse chimene opanga katundu amakakamiza anthu kumeza. Ogwidwawo amakhala patebulo loyalidwa bwino, mbale zake zokongola, operekera zakudya ali chilili, ndipo amauzidwa kuti chimene apatsidwacho ndi chakudya chapamwamba. Nkhanza yake sikungowadyetsa chonyansa, koma kuwalamula kuti avomereze kuti n'chokoma.

Kuti timvetse izi tiyenera kudziwa zimene Pasolini ankalemba m'nyuzipepala ya Corriere della Sera pakati pa 1973 ndi 1975. Ankanena kuti chifasisti cha Mussolini chinaveka anthu mayunifolomu koma sichinalowe m'mitima mwawo, moti mlimi wa ku Friuli kapena wa ku Sicily anakhalabe ndi chilankhulo chake, chipembedzo chake ndi makhalidwe ake. Koma chuma chimene chinakula mofulumira nkhondo itatha, pamodzi ndi wailesi yakanema ndi malonda otsatsa, chinachita m'zaka zochepa zimene Mussolini analephera m'zaka 20: chinafafaniza zilankhulo za m'madera, chinachititsa ana a anthu osauka kuchita manyazi ndi makolo awo, ndipo chinapanga achinyamata onse kukhala ofanana pa kavalidwe, kalankhulidwe ndi zofuna. Ichi ankachitcha chifasisti chatsopano, ndipo ankati n'choopsa kuposa chakale chifukwa chimabwera chikumwetulira. M'nkhani yotchuka ya mu February 1975 anayerekezera kusinthaku ndi kutha kwa ziphaniphani m'midzi ya ku Italy chifukwa cha kuipitsidwa kwa mpweya ndi madzi.

Choncho filimuyi ili ndi nthawi ziwiri. Zovala ndi magalimoto ndi za 1944, koma munthu amene akulozedwa chala ndi wa 1975. Munthu akhoza kukana mfundo ya Pasolini, ndipo pali chifukwa chomveka choikanira, popeza kufananitsa sitolo yodzaza katundu ndi Marzabotto n'kupeputsa imfa za anthu aja. Koma sitinganene kuti chigawochi chinaikidwa popanda ganizo.

Kodi Pasolini anakumanapo ndi chifasisti pa moyo wake?

Anabadwa chaka chimene Mussolini analowa m'boma ndipo anakulira m'sukulu za ulamulirowo. Bambo ake anali msilikali waudindo wogwirizana ndi bomalo, ndipo anagwidwa pankhondo ya kum'mawa kwa Africa n'kusungidwa ku Kenya. Zaka za boma la Salò Pasolini anali ku Casarsa, kwawo kwa amayi ake, m'chigawo cha Friuli. Mng'ono wake Guido analowa gulu lomenyana ndi afasisti ndipo anaphedwa mu February 1945, osati ndi afasisti, koma ndi gulu lina la omenyera ufulu lachikomyunizimu, pa zimene zimadziwika kuti kuphana kwa ku Porzûs. Ngakhale zinali choncho Pasolini analowa chipani cha Komyunizimu, chimene chinamuchotsa mu 1949 ataimbidwa mlandu wokhudza kugonana ndi anyamata. Anazengedwa milandu yoposa 30 pa moyo wake, yambiri yokhudza mabuku ndi mafilimu ake.

Komanso chifasisti sichinali mbiri yakale mu 1975. Bomba la ku Piazza Fontana ku Milan pa 12 December 1969 linapha anthu 17, la ku Brescia mu May 1974 linapha 8, ndipo la m'sitima ya Italicus mu August chaka chomwecho linapha 12. Mu November 1974 Pasolini analemba kuti akudziwa mayina a amene anali kumbuyo kwa mabombawa, kungoti analibe umboni.

N'chifukwa chiyani palibe wopulumutsa ogwidwawo, ndipo mathero ake akutanthauza chiyani?

Mafilimu ambiri onena za nkhondoyi amapatsa woonera munthu wolimba mtima woti aime naye, kuti potuluka adzimve kuti iyenso akanakhala kumbali yabwino. Pasolini anakana kupereka chitonthozo chimenechi. Ogwidwawo sitiwadziwa bwino, salankhula zambiri, ndipo chakumapeto amayamba kuneneza anzawo mmodzi ndi mmodzi pofuna kudzipulumutsa. Kukana kumaoneka mwa apo ndi apo. Mlonda uja watchulidwa pa funso la Africa amakweza chibakera m'mwamba asanaomberedwe, ndipo amuna anayiwo amadzidzimuka kwa kanthawi. Mayi woimba piyano, ataona zimene zikuchitika pabwalo, amasiya kuimba n'kudziponya pawindo.

Kuzunza komaliza timakuona kudzera m'magalasi oonera patali, amene amuna anayiwo amalandirana atakhala pampando pawindo. Kulira kwa ozunzidwa sikumveka. Chimene chimamveka ndi wailesi, pamene pakuwerengedwa ndakatulo ya Ezra Pound, mlakatuli wa ku America amene ankachemerera Mussolini, ndiponso nyimbo ya Carl Orff. Woonera filimu amapezeka kuti wakhala pampando womwewo, akuyang'ana ndi maso a wozunza, ali pabwino ndipo palibe chomukhudza. Kenako alonda awiri achinyamata amasintha siteshoni, amayamba kuvina, ndipo wina amafunsa mnzake dzina la chibwenzi chake. Filimu imathera pomwepo. Anyamata amenewa ndi amene adzabwerere kwawo nkhondo ikatha, n'kukwatira, n'kukhala makolo a Italy wa 1975.

Kodi inaletsedwa kuti, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji?

Ku Italy bungwe lounika mafilimu linayamba laikana, kenako linailola, ndipo inayamba kuonetsedwa mu January 1976. Patangopita masabata ochepa akhoti anailanda ndipo Grimaldi anazengedwa mlandu wofalitsa zolaula, umene pambuyo pake anapambana. Ku Britain bungwe lounika mafilimu la BBFC linaikana mu 1976, apolisi analanda kope limene linkaonetsedwa m'kalabu ina ya mafilimu ku Soho, mumzinda wa London, mu 1977, ndipo inaloledwa yosadulidwa mu 2000 kwa azaka 18 kupita m'tsogolo. Ku Australia nkhani yake inapita uku ndi uku: inaletsedwa mu 1976, inaloledwa mu 1993, inaletsedwanso mu 1998, ndipo mu 2010 inaloledwa pa DVD pokhapokha itatsagana ndi mafilimu ofotokoza mbiri ndi cholinga chake. Kumeneko mkangano waukulu unali wakuti ozunzidwawo amaoneka aang'ono. Mu 2015 kope lokonzedwanso ndi Cineteca di Bologna, bungwe losunga mafilimu, linalandira mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice.

Kodi Pasolini anaphedwa chifukwa cha filimuyi?

Mtembo wake unapezeka ku Ostia, m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi Rome, atamenyedwa koopsa ndiponso atapondedwa ndi galimoto yake yomwe. Giuseppe Pelosi, wazaka 17, anavomera ndipo anaweruzidwa kukhala m'ndende mu 1976. Khoti loyamba linanena kuti panali anthu enanso osadziwika, koma khoti la apilo linachotsa mfundoyo. Mu 2005 Pelosi anasintha mawu pa wailesi yakanema, n'kunena kuti amene anapha Pasolini anali amuna ena. Sergio Citti ankanena kuti Pasolini anakopedwa kupita ku Ostia ndi lonjezo lomubwezera mipukutu ya Salò imene inabedwa mu August 1975, ndipo ena amaloza ku nkhani zake za m'nyuzipepala zimene zatchulidwa kale komanso ku buku lonena za makampani a mafuta limene ankalemba. Palibe khoti limene linagamula kuti filimuyi ndiyo inamuphetsa.

Chimene imfayi inachita n'chakuti inasintha mmene anthu amaonera Salò. Ambiri amaitenga ngati mawu otsanzika a munthu wofuna kufa, pamene iye anali atayamba kale kukonza filimu ina.

Kodi otsutsa filimuyi amati chiyani?

Otsutsa amphamvu si amene amanyansidwa chabe. Roland Barthes, wolemba wa ku France amene dzina lake lili pa mndandanda wa mabuku umene Pasolini anaika kumayambiriro kwa filimu, analemba m'nyuzipepala ya Le Monde mu 1976 kuti de Sade sajambulika, chifukwa zimene zimatheka m'mawu zimasanduka chinthu china zikaonetsedwa ndi matupi enieni, ndiponso kuti kusakaniza chifasisti ndi zilakolako zopotoka kumasokoneza zonse ziwiri. Italo Calvino, wolemba mabuku wa ku Italy, nayenso sanakhutire nayo.

Mfundo imeneyi ndi yolemera. Chifasisti sichinayendetsedwe ndi anthu anayi amisala otsekeredwa m'nyumba. Chinayendetsedwa ndi aphunzitsi, apolisi, eni minda ndi eni mafakitale, anthu amene ankapita kutchalitchi ndi kukonda ana awo, ndipo chinali ndi makamu ochikonda ndi mtima wonse. Filimu imene imachionetsa ngati matenda a kugonana ikhoza kupatsa woonera mpata wonena kuti iye sali choncho. Amene akufuna kudziwa mmene Mussolini anapezera mphamvu, kapena chifukwa chake anthu wamba anamutsatira, sadzapeza yankho mu Salò. Chimene filimuyi imaonetsa bwino kuposa ina iliyonse ndi chinthu chimodzi chopapatiza: mmene munthu amasandukira katundu m'manja mwa wamphamvu amene sayankha kwa wina aliyense, ndiponso mmene alonda, ophika, oimba ndi oonera amathandizira kuti ntchitoyo iyende.

Kodi pali mafilimu ena a nthawi imeneyo onena za nkhani yomweyi?

Alipo angapo, ndipo ambiri ndi a ku Italy: La caduta degli dei ya Luchino Visconti ya 1969, Il conformista ya Bertolucci ya 1970, ndi Il portiere di notte ya Liliana Cavani ya 1974. Onsewa amagwirizanitsa chifasisti ndi kugonana, koma amachita zimenezi ndi zithunzi zokongola ndi akatswiri okopa maso, ndipo ichi n'chimene Susan Sontag, wolemba wa ku America, anadandaula nacho mu 1975 polemba za mmene zizindikiro za Nazi zinasandukira zokometsera. Kwa amene akufuna kumvetsa munthu wamba wolowa chipani pofuna kufanana ndi anzake, Il conformista ndi poyambira pabwino kuposa Salò.

Ndiye kodi ndiyenera kuionera?

Palibe amene ayenera kudzikakamiza. Si filimu ya ana m'pang'ono pomwe, si yoonera pabalaza ndi banja, ndipo munthu amene anachitidwapo nkhanza zogwiriridwa kapena kuzunzidwa ali ndi chifukwa chokwanira choipewa. Kuionera pofuna kupikisana ndi anzanu kuti ndani alimbe mtima, kapena kuonera tizidutswa take pa intaneti, ndiko kuichita chimene Pasolini ankadana nacho, chifukwa zithunzizo zikachotsedwa pamalo pake zimangotsala zonyansa.

Amene wasankha kuionera ayambe wadziwako za boma la Salò ndi za maganizo a Pasolini pa nkhani ya malonda, apeze kope lathunthu lokhala ndi mawu omasulira olondola popeza zolankhula za amuna anayiwo ndi theka la filimu, ndipo aionere kuyambira poyamba mpaka pamapeto nthawi imodzi. Amene akufuna kudziwa Pasolini popanda kudutsa m'zonsezi akhoza kuyamba ndi Accattone ya 1961, yonena za anthu osauka a m'mphepete mwa Rome, kapena Il Vangelo secondo Matteo ya 1964, yonena za moyo wa Yesu, imene Vatican inaiika pa mndandanda wa mafilimu 45 ofunika mu 1995.